Wilo ya mzungu wa pa esiteti ndi dzina la agogo anu: kafufuzidwe kake ndi zomwe lamulo likunena

Mayi, kalata yanu ili ndi mafunso awiri. Mukufuna umboni wakuti agogo anu aakazi adabadwira pa esiteti ina ku Thyolo cha m'ma 1920, bambo wawo ali mzungu woyang'anira esitetiyo. Komanso kubanja kwanu zimamveka kuti mzunguyo adalemba wilo yosiyira mwanayo malo, ndiye mukufunsa ngati mbumba yanu ingawatenge lero. Funso loyambalo lili ndi njira yake yoliyendera. Lachiwirilo ndi lolimba kwambiri, ndipo ndi bwino mudziwiretu chifukwa chake musanayambe kulipira maloya ndi maulendo.

Yambani ndi kumvetsa kuti mapepala a nthawi ya atsamunda adalembedwera ndani. Lamulo la kalembera wa obadwa ndi omwalira la 1904 linkakakamiza azungu ndi amwenye okha. Mmalawi wakuda sankaumirizidwa, mpaka pomwe National Registration Act ya 2010 idayamba kugwira ntchito mu 2015. Choncho musayembekezere chiphaso cha kubadwa cha agogo anu, pokhapokha ngati mzunguyo adawalembetsa. Nawonso malo a kumudzi sankayenda ndi wilo, ankayenda ndi mwambo, mwinimbumba ndi mfumu ali mboni. Wilo ndi zikalata za malo zimanena za eni chuma. Makolo athu ambiri amaonekamo m'mphepete chabe: wantchito wopatsidwa kangachepe, kapitawo wosaina ngati mboni, mudzi wotchulidwa pofotokoza malire. M'mphepetemo ndi momwe muyenera kuwerenga mosamala.

Musanapite ku ofesi iliyonse, khalani pansi ndi akuluakulu amene atsala, aliyense payekha, ndipo lembani tsiku ndi dzina la wolankhula. Funsani maina onse a agogowo: la paubwana, la pa chinamwali, la ubatizo, la ku ntchito, ndi mfunda wawo. Funsani mudzi, nyakwawa ya nthawiyo, mpingo, ndi dzina limene anthu ankamutcha mzunguyo, poti azungu a m'maesiteti ankadziwika ndi maina opatsidwa ndi antchito, osiyana ndi a m'mapepala. Kenako yendani chobwerera, kuchokera kwa inu kupita kwa mayi anu, kuchokera kwa mayi anu kupita kwa agogo, mbadwo uliwonse ndi pepala lake. Cholakwika chofala ndicho kupeza dzina lofanana m'buku la 1925 n'kulumpha mibadwo iwiri kuti ulilumikize kwa iwe. Mabuku a ubatizo ndi a ukwati a ku mishoni ndiwo amatseka mipata imeneyi kuposa a boma. Blantyre Mission idayamba mu 1876, ndipo Akatolika a Montfort adafika ku Nzama mu 1901. Pemphani kwa abusa kapena bambo mfumu wa parishi kuti akulozereni komwe mabuku akale amasungidwa. Kumbukiraninso kalembedwe kakale: Thyolo inkalembedwa Cholo, Mulanje inali Mlanje, Mangochi inali Fort Johnston, Nsanje inali Port Herald. Mukafufuza ndi dzina la lero lokha, kaundula adzakuyankhani kuti palibe.

Tsopano za wilo. Wilo payokha ndi pepala la m'nyumba. Imasanduka chikalata cha khoti mwini wake akamwalira, woyendetsa chumacho n'kukapempha chilolezo chotchedwa probate. Ngati munthu adafa osalemba wilo, khoti linkapereka chilolezo china choyendetsera chumacho, chotchedwa letters of administration. Khoti Lalikulu la dziko lino lidakhazikitsidwa ndi lamulo lochokera ku Britain, Order in Council ya 1902, yomwenso idabweretsa malamulo a ku England monga analili pa 11 August chaka chomwecho, ndiye chuma cha masiye cha mzungu chinkadzera kumeneko. Lemberani kalata Registrar wa High Court ku Blantyre, mutchule dzina lonse la malemuyo, chaka chimene mukuganiza kuti adamwalira, boma limene ankakhala, ubale wanu ndi cholinga chanu. Mafayilo akale kwambiri angakhale adasamutsidwira ku National Archives ku Zomba, ndiye pemphani yankho lolembedwa lonena komwe fayilo ili. Kuti mupeze chaka cha imfa, onani Nyasaland Government Gazette, momwe ankalengeza zoitana angongole a malemu, ndi nyuzipepala ya Nyasaland Times. Laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre imathandiza pa mbiri ya maesiteti ndi eni ake.

Mzunguyo akhoza kukhala adabwerera kwawo n'kukafera komweko. Zikatero wilo idatsimikizidwa kumeneko. Ku England ndi Wales kuli kaundula wa mawilo kuyambira 1858, wofufuzika pa intaneti ndi dzina ndi chaka. A ku Scotland, omwe anali ochuluka m'maesiteti a kum'mwera, mawilo awo ali ku National Records of Scotland mu Edinburgh. Ngati anali ndi chuma kuno, chilolezo chakunjacho chinkadindidwanso ndi khoti la kuno, kotero pangakhale mafayilo awiri a munthu mmodzi.

Fayilo ikapezeka, musaime pa wilo yokha. Werengani zowonjezera zimene malemu adalemba pambuyo pake, chifukwa zingafafanize mphatso ya mu wilo yoyamba. Werengani mndandanda wa katundu ndi ngongole, lipoti la kagawidwe, ndi malisiti a olandira. Apa pali mfundo ya lamulo imene imasokoneza mabanja ambiri. Pa lamulo la ku England la nthawiyo, wilo ikangonena kuti ana anga, khoti linkamva ana a mu ukwati wovomerezeka ndi lamulo, ndipo mwana wobadwa kunja kwa ukwati wotero sankalowa chuma cha bambo ake akafa opanda wilo. Ndiye mwana ngati agogo anu akanapindula pokhapokha atatchulidwa dzina kapena kufotokozedwa mosakayikitsa. Yang'anani mawu monga ndalama zosiyidwa m'manja mwa mishoni kapena bwenzi kuti ziphunzitse mwana wakutiwakuti, kapena mphatso kwa mayi wotchedwa wosamalira nyumba. Mawu otere sanena poyera kuti ndi mwana wake, koma mukawaphatikiza ndi buku la ubatizo ndi zonena za akuluakulu, amalemera.

Za malo zili ndi mbiri yake. Kuyambira 1892, Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda kuno, adapereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim kwa azungu ndi makampani amene ankati adagula malo kwa mafumu, ndipo maesiteti aakulu a ku Shire Highlands adachokera pamenepo: a British Central Africa Company, a Blantyre and East Africa Limited, a A. L. Bruce Estates ku Magomero. Apa mudzifunse funso limene lingathetse nkhani ya malo nthawi yomweyo: kodi mzunguyo anali mwini, kapena wolembedwa ntchito? Mamanejala ambiri anali antchito a kampani. Munthu sangapereke mu wilo chinthu chimene si chake, ngakhale atalonjeza pamaso pa mudzi wonse.

Kuti mudziwe mwini, pezani kaye nambala ya malowo. Pitani ku Unduna wa za Malo ndi ku dipatimenti ya Surveys ndi dzina la esiteti, boma ndi mfumu ya deralo. Pali makaundula a mitundu iwiri. Malo olembetsedwa pansi pa Registered Land Act ya 1967 ali ndi nambala ya taitolo, koma kaundula wake amayambira pa tsiku lolembetsa koyamba, sabwerera ku 1920. Zakale zili ku Deeds Registry, komwe chikalata chilichonse chogulitsa, chobwereketsa kapena chopinyolitsa malo chili ndi nambala yake ndipo chimatchula chikalata chimene wogulitsayo adapezera malowo. Mumatenga chaposachedwa, mumawerenga nambala ya cham'mbuyo, mumaitanitsa chimenecho, mpaka mutafika pa Certificate of Claim kapena lisi ya boma. Ngati malo adachoka kwa malemu kupita kwa wolandira mu wilo, payenera kukhala chikalata chosainidwa ndi woyendetsa chumacho. Chikapanda kupezeka, kawirikawiri ndiye kuti malowo adagulitsidwa kubweza ngongole, kapena mphatsoyo inali ya pakamwa. Kukula kwa malo kudalembedwa m'maekala. Ekala imodzi ndi pafupifupi mahekitala 0.4. Malire akale otchula mtengo kapena khwawa musawakhulupirire popanda mapu a wopima malo.

Ku National Archives, imene idatsegulidwa ku Zomba mu 1947, tengani chiphaso cha unzika ndi kalata yofotokoza cholinga, ndipo funsirenitu za ndalama yofufuzira ndi yojambulitsa. Dziwani kuti moto udatentha maofesi a Secretariat, likulu la boma la atsamunda ku Zomba, mu 1919, ndiye mapepala ambiri a boma a zaka zoyambirira adapsa. Makalata amene ankatumizidwa ku London ali ku National Archives ya ku Britain, ku Kew mu London, mu gulu la mafayilo la CO 525. Pa nkhani yanu, pemphani mabuku a ma DC a boma la Cholo, zolemba za msonkho, ndi mafayilo a anthu okhala pa maesiteti pansi pa Natives on Private Estates Ordinance ya 1928, lamulo limene linkayendetsa lendi, thangata ndi kuthamangitsa anthu. Ofesi ya boma ikakukanizani popanda chifukwa, Access to Information Act, imene idayamba kugwira ntchito mu 2020, imakupatsani mphamvu yopempha molemba, kulandira chifukwa chokanira, ndi kukadandaula ku Malawi Human Rights Commission. Pepala lililonse lofunika mulitenge lili lodindidwa ndi ofesi yolisunga. Chithunzi cha pafoni ndi chokumbutsa inu nokha, khoti lingachikane.

Pa funso lotenga malo, nazi zopinga. Chuma cha masiye chimagawidwa motsata lamulo limene linalipo pa tsiku la imfa. Deceased Estates Act ya 2011 ndi gawo 23 la Malamulo Oyendetsera Dziko zimateteza ana onse mosayang'ana kabadwidwe kawo, koma sizitsegulanso chuma chimene chidagawidwa n'kutsekedwa kalekale. Chachiwiri ndi nthawi: Limitation Act imapereka zaka 12 zokha zosumira kuti ubwezeredwe malo. Pali mpata ngati panali chinyengo chobisidwa dala, pomwe zaka zimawerengedwa kuchokera tsiku limene chikanadziwika, koma kutsimikiza chinyengo cha anthu amene onse adamwalira ndi ntchito yovuta zedi, ndipo wogula malo mosadziwa kanthu amatetezedwa. Chachitatu, pambuyo pa lipoti la 1946 la Sir Sidney Abrahams, amene adafufuza nkhani ya malo m'dziko muno, boma lidagula malo ambiri a maesiteti n'kukhazikapo anthu, ndiye unyolo wa zikalata ungathere m'manja mwa boma. Ena amadalira ndime ya m'ma Certificate of Claim yoletsa kusokoneza midzi imene idalipo kale, yomwe woweruza Nunan adaiikira kumbuyo mu 1903. Ndimeyo inkateteza kukhala ndi kulima kwa anthu a nthawiyo, sinkapereka taitolo kwa zidzukulu.

Nkhani imasintha ngati mupeza chimodzi mwa ziwiri izi: taitolo kapena lisi imene mpaka lero ili m'dzina la agogo anu, kapena wilo yoika malo kapena ndalama m'manja mwa msungi kuti asungire agogowo, popanda umboni wakuti zidaperekedwa. Zikatero musalowe pamalopo, musazike zikhomo, musasaine pepala lililonse lochokera kwa amene akukhalapo. Tengani makope odindidwa, mndandanda wa mibadwo ndi zikalata zolumbirira za akuluakulu awiri kapena atatu, mupite nazo kwa loya, ku Legal Aid Bureau, kapena ku ofesi ya Administrator General, yoyang'anira chuma cha masiye. Wina wa m'banja adzayenera kupempha letters of administration pa chuma cha agogowo, pomveka kwa ana ndi zidzukulu zonse, chifukwa popanda chilolezo chimenecho palibe amene ali ndi mphamvu yosumira kapena kusintha dzina pa kaundula. Zolumbirira za akuluakuluzo zichitike msanga, pamaso pa Commissioner for Oaths, munthu wololedwa ndi lamulo kulumbiritsa anthu, iwo akadali ndi mphamvu yofotokoza okha zimene adaona ndi zimene adangomva.