Kugulitsa zitenje pa intaneti popanda webusaiti

Funso: Akonzi, ndimaoda zitenje ku Limbe n'kumagulitsira pakhomo. Ndikufuna kuyamba kugulitsa pa intaneti sabata ino, koma ndalama yolipira wopanga webusaiti ndilibe. Ndiyambire pati? Mayi wa ku Chilomoni

Yankho: Mayi, webusaiti isakuchedwetseni, foni yanuyo ikukwanira. Ikanimo WhatsApp Business, ndi yaulere. Lembani dzina la bizinesi, dera lanu ndi nthawi yomwe mumayankha, kenako tsegulani Catalogue, malo a mu WhatsApp Business momwemo oikamo zithunzi ndi mitengo ya katundu wanu. Imalandira zinthu mpaka 500, koma yambani ndi 10 kapena 15 zomwe muli nazodi m'manja.

Nkhani yagona pa zithunzi. Jambulani panja pamthunzi, m'mawa, chitenje chitatambasulidwa pakhoma loyera. Kuwala kwa babu kumasintha mtundu, ndiye wogula amabweza katundu ati si zimene adaona. Pachithunzi chilichonse lembani mtengo ndi mamita ake. Zoti "mtengo ku inbox" tikukukanizani, zimathamangitsa anthu. Linki ya Catalogue muziika pa Status ndi pa Facebook.

Landirani ndalama pa Airtel Money ndi TNM Mpamba pomwe. Koma chonde, musatulutse katundu chifukwa cha uthenga kapena chithunzi chosonyeza kuti alipira, akathyali amapeka zimenezo. Yambani mwaona balansi nokha.

Mu Blantyre muno pezani wakabaza mmodzi wodalirika, mugwirizane mtengo wa ku Ndirande, Bangwe kapena Machinjiri. Za ku Lilongwe ndi Mzuzu tumizani kudzera pa kampani yonyamula katundu, wogula mumutumizire lisiti. Mtengo wotumizira muzinena asanalipire, mikangano yambiri imayambira pamenepo. Chitenje chikatha, chichotseni mu Catalogue tsiku lomwelo.