Pitani nawo ku Stonehenge, koma musaphonye Avebury

Mayi, mwafunsa ngati kuli koyenera kupita ndi bambo anu, amene abwera kudzakuonani ku England, kukaona miyala ya ku Stonehenge, popeza ena akuuzani kuti n'kungotaya ndalama chifukwa munthu saloledwa kuiyandikira. Ine ndikuti pitani nawo ndithu, koma tsiku lomwelo mupitirire mpaka ku Avebury, komwenso kuli m'chigawo cha Wiltshire.

N'zoona kuti ku Stonehenge alendo amayenda m'kanjira kozungulira ndipo chingwe chimawatsekereza, pokhapokha atalipira padera ulendo wa m'mamawa kapena wa madzulo umene bungwe loyang'anira malowo la English Heritage limalowetsa anthu ochepa m'kati. Komabe ngakhale muli chapatali, muwaonetse bambo nsonga yosemedwa pamwamba pa mwala wautali kwambiri, umene mwala wake wopingasa unagwa kalekale. Wopingasawo unali ndi dzenje lolowamo nsongayo, monga mmene kalipentala amalumikizira matabwa a chitseko, ndipo ntchitoyi inagwiridwa zaka pafupifupi 4,500 zapitazo ndi anthu amene analibe chitsulo, amene ankasema mwala pougogoda ndi mwala unzake.

Chimene chimazunguza mutu kwambiri ndi kumene miyalayo inachokera. Ikuluikulu, yolemera matani pafupifupi 25 umodzi, yambiri inatengedwa ku West Woods, mtunda wa makilomita pafupifupi 25. Ing'onoing'ono inachokera ku mapiri a Preseli ku Wales, makilomita oposa 200, ndipo mu 2024 akatswiri anapeza kuti mwala wogona pakati, wotchedwa Altar Stone, unachokera kumpoto chakum'mawa kwa Scotland, makilomita oposa 700. Omangawo sanasiye cholembedwa chilichonse, choncho mpaka lero akatswiri amatsutsana ngati mwalawo unakokedwa pamtunda kapena unadutsa panyanja. Za cholinga cha malowo tili ndi zizindikiro chabe: miyalayo inalunjikitsidwa kotulukira dzuwa pa tsiku lalitali kwambiri mu June ndi kolowera dzuwa pa tsiku lalifupi kwambiri mu December, m'maenje ozungulira munapezeka mafupa a anthu otenthedwa, ndipo ku Durrington Walls, pafupi pomwepo, kunapezeka mafupa ambiri a nkhumba osonyeza kuti kunkachitika madyerero m'nyengo yozizira. Wina akakuuzani kuti anamanga ndi ansembe otchedwa Druids musamumvere, chifukwa iwo anadzakhalako patapita zaka zambirimbiri.

Ku Avebury n'kumene bambo akasangalale, mmene ndikuonera ine. Bwalo la miyala la kumeneko ndi lalikulu kuposa onse padziko lapansi, mbali ina ya mudzi ili m'kati mwake, nkhosa zimadya msipu pakati pa miyalayo, ndipo munthu amayenda ndi kuigwira popanda kulipira polowera. M'zaka za m'ma 1300 anthu a m'mudzimo ankagwetsa miyala ina n'kuikwirira, ndipo mu 1938, pamene katswiri wofukula zakale Alexander Keiller ankaifukula kuti aiimikenso, pansi pa mwala wina panapezeka mafupa a munthu ali ndi sizasi ndi tindalama ta nthawi imeneyo. Chapafupi pali Silbury Hill, chulu chachikulu choundidwa ndi manja a anthu, chimene chakumbidwa kangapo koma manda sanapezekemo.

Gulani matikiti a ku Stonehenge pa intaneti tsiku lisanafike ndipo musankhe nthawi ya m'mawa. Sitima yochokera ku London Waterloo imafika ku Salisbury, kumene kuli basi yopita ku miyalayo, koma kuti mukafikenso ku Avebury tsiku lomwelo galimoto ndiyo ingakuthandizeni. Bambo avale jekete yochindikala ndi nsapato zosaopa matope, pakuti malo onsewa ndi apambalambanda ndipo mphepo yake ndi yozizira.