Dothi lilibe mlandu, mwezi ndiwo unalakwika

Mayi wina wa ku Machinjiri wanditumizira imelo. Akuti anawokera tomato ndi repu kuseri kwa nyumba mu Disembala, mvula itangokhazikika, koma pofika Febuluwale masamba a tomato anali atada ngati awauka ndi moto, zipatso n'kumawolera kumtengo konko. Akufunsa kuti: "Kodi dothi lathu ndi loipa? Nanga ndizibzala chiyani mwezi uti?"

Mayi, dothilo lisiyeni. Inu munatenga kalendala ya kumunda n'kuibweretsa padimba. Chimanga chimadikira mvula, koma tomato safuna kuti masamba ake azikhala onyowa usana ndi usiku. Zimene munaonazo ndi chiwawu. Matendawa amayenda ndi chinyezi, ndipo mvula ikamamenya pansi imamwazira dothi pamasamba a m'munsi, n'kuyambira pomwepo kukwera. N'chifukwa chake tomato amadula kumsika wa Limbe ndi ku Ndirande m'miyezi imeneyi. Ngakhale alimi a ku Bvumbwe amalimbana naye.

M'dzinja limani ndiwo zathu zomwe zinazolowera mvula: bonongwe, luni, denje, therere, nkhwani, chitambe ndi kholowa. Chisoso ndiye musachivutikire n'komwe, chimadzimerera chokha, inu n'kungochisiya polimira. Mabedi akhale okwera, ndipo poti Blantyre ndi mzinda wa zitunda, muwaike mopingasa, osati motsetsereka, apo ayi manyowa anu onse akathera kwa aneba a kumunsi. Ndiwozi zikachuluka cha mu Malichi, futsani, mudzazifuna mu Okutobala.

Nyengo yeniyeni ya repu, mpiru, chayinizi, kabichi, anyezi ndi tomato wanu uja imayamba mvula ikamakata. Fesani nazale kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, dothi likadali ndi chinyontho, muwokere pakatha milungu inayi, madzulo dzuwa litapepa. Anyezi amachedwerapo panazale. Karoti safuna kuwokera, mufeseretu pabedi pomwe akulire, ndipo musamuthirire manyowa aawisi, amatuluka wamphandamphanda.

Koma kuno tili ndi chiperoni. Mu Juni ndi Julayi kumatha kuchita nkhungu ndi mvula yowaza masiku angapo, ndipo chiwawu chimabwerera mwakachetechete. Choncho tomato mumumangirire ku timitengo, mutalikitse mapando kuti mphepo izidutsa, ndipo masamba okhudza pansi muzithothola. Pothirira, madzi azipita patsinde, m'mawa, osati kumusambitsa ndi keni madzulo. Tsamba likangoonetsa banga lakuda, lichotseni mukalitaye kutali, lisalowe m'dzenje la kompositi.

Ogasiti akamatha kumabwera nsabwe. Tembenuzani tsamba la repu, muona tating'ono totuwa titaunjikana kunsi, tsambalo litayamba kupiringizika. Madzi a sopo pang'ono kapena a masamba a nimu osinja amathandiza mukayamba msanga, bola mupopere kunsi kwa tsamba komwe kuli eni akewo.

Seputembala ndi Okutobala nkhani imakhala madzi. Ambiri a m'mipopi yathu amachita kupopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa Shire mpaka kukwera nawo kuno kumtunda, ndiye biluyo siichedwa kuposa mtengo wa ndiwo zomwe mukuthirirazo. Ine ndimati chepetsani dimba. Mabedi awiri osamalika aposa asanu ofota. Nthawi imeneyi mabedi akhale olowa pansi kuti madzi asathawe, muphimbire ndi udzu wouma, ndipo madzi otsukira mpunga ndi ndiwo asatayidwe pabwalo. Ndi miyezi yabwinonso yowoletsa zitosi za nkhuku ndi zinyalala zakukhitchini kuti mvula ikamagwa manyowa akhale atapsa.

Pomwe panafera tomato uja musabwezerepo tomato, mbatatesi, tsabola kapena mabilinganya, chifukwa zonsezi ndi banja limodzi ndipo zimapatsirana matenda. Ikanipo nyemba kapena mpiru, tomato mumupezere bedi lina mu Epulo.