Manambala a pa bokosi la masikuluu

Funso: Ndikuphunzira ukalipentala. Ku msika wa Kapata ndimapeza mabokosi a masikuluu olembedwa 4 x 40, ena 8 x 1½. Kodi manambalawa akutanthauza chiyani? — Wowerenga wa ku Chipata

Yankho: Achimwene, nambala yoyamba imanena kunenepa kwa sikuluu, yachiwiri kutalika kwake. Choncho 4 x 40 ndi sikuluu yonenepa mamilimita 4, yotalika mamilimita 40.

Pa 8 x 1½ m'pamene ambiri amasokonezeka. 8 ameneyu si mamilimita ayi, ndi nambala ya geji, muyeso wina wa kunenepa kwa sikuluu. Geji 6 ndi pafupifupi mamilimita 3.5, geji 8 mamilimita 4, geji 10 mamilimita 5. Koma 1½ ndi mainchi, kutanthauza mamilimita 38. Ndiye kuti mabokosi anu awiriwo ali ndi masikuluu pafupifupi ofanana.

Sikuluu ya mutu wafulati, womira m'thabwa, amaiyeza pamodzi ndi mutuwo. Ya mutu wobulungira amayambira pansi pa mutu.

Polumikiza thabwa la mamilimita 20 ku mtengo wochindikala, tengani yotalika 50. Ngati ndi mlombwa, chonde yambani mwaboola kabowo ka mamilimita 3, apo ayi thabwa ling'ambika kumapeto kapena mutu wa sikuluu uduka mukukhwimitsa.