Funsani Akatswiri: Kodi Kuchotsa Ntchito Wolakwa N'kokwanira?

FUNSO: Ndine kapitawo pa fakitale ina yaing'ono ku Kanengo. Magetsi atathima, mnyamata wina anathira petulo mu jenereta ili chiyakire, moto n'kubuka. Chozimira moto sichinatulutse kanthu, tinachita kuthira mchenga. Palibe anavulala. Abwana akuti timuchotse ntchito nkhani ithe. Nditani?
Kapitawo, Lilongwe

YANKHO: Bambo, mukamuchotsa lero, amene mudzamulembe mawa adzapeza jenereta yomweyo, chozimira moto chakufa chomwecho ndi phuma lomwelo. Choipa koposa n'chakuti otsalawo aphunzira kubisa.

Khalani pansi pasanathe masiku awiri, anthu asanaiwale. Mnyamatayo ndiye ayambe kulankhula, abwana amalize, chifukwa mkulu akayamba ena amangovomereza. Lembani zimene zinachitika motsatira nthawi yake, kenako funsani chimene chinachititsa chilichonse. Sanazimitse jenereta chifukwa chiyani? Nthawi zambiri mupeza kuti wina anakalipiridwapo makina ataima. Anamuphunzitsa ndani kuti injini iyenera kuzimitsidwa n'kuzizira mphindi zosachepera 15 asanathire petulo? Nthunzi ya petulo ikakhudza ekizozi yotentha imayaka. Nanga chozimira moto anachiona komaliza ndani? Muvi wa pa geji yake yoonetsa mphamvu uzikhala pobiriwira, chiunikidwe mwezi uliwonse, ndipo akatswiri achikonze kamodzi pachaka. Mchenga munachita bwino. Madzi akanangomwaza motowo.

Mu July 1988 anthu 167 anafa pa Piper Alpha, malo opopera mafuta m'nyanja ya North Sea, kufupi ndi dziko la Scotland. Amisiri a masana anachotsa valavu yachitetezo ya pampu ina, a usiku osadziwa n'kuyatsa pampuyo, moto n'kubuka. Ofufuza anapeza kuti vuto lalikulu linali m'ndondomeko ya zikalata zololeza amisiri kukonza makina ndi kusiyirana mashifiti. Inunso onani mmene mashifiti anu amasiyirana uthenga: pakamwa pokha sipokwanira.

Ikani buku lolembamo ngozi zimene zangotsala pang'ono kuchitika, monga waya wosupuka kapena khomo lothawira lotsekedwa ndi matumba. Wolemba asalangidwe. Koma buku lotere limafa msanga ngati zolembedwazo sizikonzedwa, choncho vuto lililonse likhale ndi dzina la wolikonza ndi tsiku lomalizira.

Chilango chili ndi malo ake: amene wabwera ataledzera, kapena waphwanya dala lamulo limene anaphunzitsidwa. Ngati mnyamatayu sanaphunzitsidwepo, afotokozereni abwana kuti mlandu wake ndi wochepa, ndipo mupemphe kuti akhale m'gulu lolemba malamulo a kagwiritsidwe ntchito ka jenereta.