Kukumbukira Bambo Amene Ankakhala Panyanja Kuposa Pakhomo

Adzukulu anga, kalata yanu ndailandira, ndipo pepani kwambiri chifukwa cha imfa ya bambo anu. Mwandiuza kuti malemuwo anali mmalinyero m'sitima zonyamula katundu panyanja zamchere kuyambira ali mnyamata mpaka pamene anapuma pantchito, ndipo abale akupemphani kuti mulankhule za moyo wawo pa tsiku lowakumbukira. Mwati achimwene anu aakulu mtima wawo ukukana kunena kuti malemuwo anali okonda banja, popeza pa ubwana wanu wonse ankapezeka pakhomo miyezi yowerengeka chabe pachaka, choncho mukufunsa ngati kulankhula zotero sikukhala kunama pamaso pa anthu.

Achimwene anuwo musawadzudzule, chifukwa mwana amene anakula akuyang'ana kunjira ali ndi chifukwa chomveka chodandaulira. Komabe ine ndikuona kuti mukuyeza chikondi cha bambo anu ndi muyezo wosayenera ntchito yawo. Munthu wa m'sitima saweruka madzulo n'kupita kwawo. Ambiri mwa amene amayang'anira kayendedwe ka sitima amakhala paulonda maola 4 n'kupuma maola 8, usana ndi usiku, popanda tsiku la Sabata kapena la chikondwerero, ndipo namondwe akabwera kapena injini ikavuta ngakhale kupumako kumatha. Pangano la mayiko loteteza amalinyero, limene bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linakhazikitsa mu 2006 n'kuyamba kugwira ntchito mu 2013, limanena kuti munthu azipuma maola osachepera 10 pa maola 24 alionse, komanso kuti asathe miyezi 12 m'sitima asanapatsidwe mwayi wobwerera kwawo. Taganizani, adzukulu anga, kuti mayiko anachita kulemba lamulo lakuti bambo aziloledwa kukaona ana ake chaka chisanathe. Ngakhale lamulolo lilipo, mu 2020 matenda a Covid-19 atatseketsa malire, amalinyero pafupifupi 400,000 anatsekeredwa m'sitima nthawi ya mapangano awo itatha kale. Katundu wambiri amene mayiko amagulitsana amayenda panyanja, ndipo amene amamuyendetsa ndi anthu ngati bambo anuwo, amene ana awo amakula iwo ali kutali.

Tsono musanalembe chilichonse, funsani mayi anu akupatseni kabuku ka ntchito ka malemuwo, kamene mmalinyero aliyense amasunga. M'menemo muli dzina la sitima iliyonse, tsiku limene anakwera, tsiku limene anatsika ndi chidindo cha kaputeni. Muike kabukuko pambali pa makalata amene ankatumiza akafika padoko, ndipo muyerekeze masikuwo ndi masiku amene inu munabadwa, munadwala kapena munayamba sukulu. Mudzaona nokha kumene ankalowera akangotsika m'sitima, ndiponso ngati mwezi unkatha mayi anu osalandira gawo la malipiro limene iwo analamula kuti lizipita kunyumba. Alipo amalinyero amene ndalama zawo zinkathera m'madoko ndipo ena sanabwererenso kwa akazi awo, koma mwa zimene mwandilembera, bambo anu ankabwera ulendo uliwonse, monga akulu amanenera kuti madzi saiwala khwawa. Umenewo ndiwo umboni umene mungaimirire nawo pagulu popanda kuchita manyazi.

Chinthu china chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse n'chakuti potamanda bambo anu musawaiwale mayi anu. Iwo ndi amene ankadzuka usiku mwana akatentha thupi, ankapita kusukulu mukalakwa, ndipo ankamva za namondwe pawailesi n'kukhala chete kuti inu musachite mantha. Banja la mmalinyero limaima chifukwa cha anthu awiri, ndipo mmodzi mwa iwo adzakhala pomwepo akukumvetserani. Muwatchule dzina mwaulemu, muwathokoze anthu akumva, ndipo zimene mukufuna kukanena muyambe mwawawerengera iwo kunyumba kuti pasakhale mawu owadzidzimutsa pagulu.

Za achimwene anu, malangizo anga ndi akuti alankhule ndithu, koma asasandutse tsikulo bwalo la milandu, pakuti womwalira sangayankhe. Akhoza kunena kuti, "Tinkawasowa kwambiri bambo athu, ndipo tsiku limene ankafika linali lalikulu kuposa masiku onse." Mawu amenewa ndi oona, sakubisa ululu wawo, komanso sakunyoza malemuwo. Palibenso chifukwa chowasandutsa mngelo. Ngati anali aukali pa nkhani yosunga nthawi, kapena ankayala bedi ndi kupinda zovala mwa dongosolo la m'sitima mpaka kukutopetsani, nenani zimenezo, chifukwa ndi zimene anthu adzawazindikire nazo.

Ngati alipo anzawo amene ankayenda nawo m'sitima, muwaitane msanga ndipo mmodzi mumupatse mpata wolankhula. Iwo anaona mbali ya moyo wa bambo anu imene inu simunaione, ndipo ndi amene angakuuzeni zimene malemuwo ankakamba za inu ali paulonda pakati pa nyanja.