Ati ku Caribbean kulibe filosofi, kuli rege basi?

Wophunzira wina wandilembera imelo kuti aphunzitsi ake amukaniza kulemba za oganiza a ku Caribbean, ati kumeneko kuli rege ndi chamba basi. Akufunsa ayambire pati.

Achemwali, mwandikhudza pachilonda. Nafenso ku koleji ankangotidyetsa Plato, Descartes ndi Kant, umunthu n'kuuponya kumapeto kwa temu, mitu ili kale pa mayeso. Dzina la Frantz Fanon ndinalimva kwa Rasta wina wosoka nsapato. Akuluma ulusi ndi mano, anandisimbira za Fanonyo, dokotala wa ku Martinique amene anapita ku Algeria mu 1953, n'kumachiza ozunzidwa ndi apolisi a Afalansa pamodzi ndi apolisi ozunzawo. Anaona kuti utsamunda umadwalitsa onse awiri. Ndinabwerera kuhositelo mtima ukuwawa, kuti zotere bwanji sitiphunzira m'kalasi?

Aphunzitsi anuwo akulakwitsa, ndipo sindikuwanyengerera. Akapolo a ku Haiti anaukira mu 1791, nadzilamulira mu 1804, kuonetsa kuti ufulu womwe ankaulalikira ku Paris ndi wa munthu aliyense. Mu 1885 Anténor Firmin, wa ku Haiti komweko, analemba buku lotsutsa Gobineau, mlembi wa ku France, pa bodza loti mitundu ina ndi yapansi. Imeneyo si filosofi?

Koma ifenso tili ndi vuto lathu. Anthu a ku Caribbean timawaona ngati abale otayika amene ayenera kubwera kudzaphunzira kwa ife. Iyayi! Pazilumbapo panakumana Aafirika, Azungu, eni nthaka omwe anatsala, ndi Amwenye amene anayamba kufika ku Trinidad mu 1845 kudzalima nzimbe. Sanasankhane, koma anakhalirana, n'kubala chinthu chatsopano.

Amene amandigwira mtima ndi Édouard Glissant, mlembi wa ku Martinique. Iye ankati munthu ali ndi ufulu wosamvetsetseka: sindiyenera kukuvundukulani mpaka pansi kuti ndikulemekezeni. Misonkhano yambiri ya zikhalidwe imafera pomwepo, chifukwa wamphamvu amafuna mnzake adzimasulire m'chilankhulo cha wamphamvuyo asanampatse mpando.

Poyambira

Werengani Aimé Césaire, mlakatuli wa ku Martinique, kenako Fanon ndi Glissant, osaiwala Sylvia Wynter wa ku Jamaica. Aphunzitsiwo muwakumbutse kuti Walter Rodney wa ku Guyana ankaphunzitsa pa yunivesite ya Dar es Salaam, ndipo mupemphenso mwaulemu kuti auonenso mutu wanuwo.